Kupuma Kwanga Kunaonekera pa Chala

Chizindikiro choyamba chinali chaching'ono, moti sindinachilabadire. Inali nyengo yozizira ya chaka chatha, manachesi atayamba kupsa m'mitengo ya kuseri kwa nyumba yathu, kuno kufupi ndi Thambani. M'mawa wina ndikuchokera ku mjigo, ndowa ili pamutu, ndinamva kubaya pansi pa nthiti za kumanja ngati ndalasidwa ndi munga. Ndinaima kaye m'njira mpaka ululuwo unazizira. Nditakoka mpweya wambiri kuti ndiyambenso kuyenda, unabweranso. Ndinafika pakhomo ndikupuma modukizadukiza, ndipo ndinadziuza kuti mwina ndinagonera mbali imodzi nthawi yaitali.

Dzina langa ndine Rozina, koma kuno amandidziwa kuti amake Tereza. Zaka zanga zikuyandikira makumi asanu. Ndimalima chimanga ndi nandolo pamodzi ndi amuna anga, ndipo nyengo yake ikafika timagulitsa manachesi. Pakhomo timakhala atatu: ine, amuna angawo, ndi amayi anga ondibereka. Amayiwo akalamba kwambiri. Maso awo saona bwino, ndipo mutu wawo unayamba kusokonezeka. Chichewa chimene anayankhula kwa zaka zambiri chinawathawa, n'kubwerera ku Chinyungwe cha kwawo ku Mozambique. Nthawi imeneyo sankalandira chakudya kwa munthu wina aliyense koma ine. Wina akawapatsa mbale ankaikankha, kapena kuibisa pansi pa mphasa. Ndatchula zimenezi chifukwa ndi zimene zinandichedwetsa kupita kuchipatala.

Masiku otsatira ndinayamba kutsokomola. Poyamba chinali chifuwa chouma, kenako makhololo anayamba kutuluka a mtundu wa dzimbiri. Thupi linkatentha, komabe ndinkanjenjemera ngakhale nditafunda mabulangete awiri masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinagula mapiritsi ochepetsa ululu pa okala ya m'mudzi, ndinamwa madzi a mandimu, ndinafukiza masamba a bulugamu nditaphimba mutu ndi chitenje. Thukuta likatuluka ndinkati matenda akutuluka nalo. Chakudya sindinkachifuna. Kusesa pabwalo kokha kunkandichititsa wefuwefu, moti ndinkasesa pang'ono n'kukhala pa mtondo, tsache lili m'manja. Amuna anga akandifunsa ndinkati ndi chimfine cha chisanu.

Tsiku limene zinaonekera poyera ndinali pakhonde chakumasana, ndikudyetsa amayi phala. Ndikukumbukira kuti kunali bata, mphepo itangoima. Supuni inali m'manja mwanga, pakati pa mbale ndi pakamwa pa amayi, ndipo sindikudziwa kuti inaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Mitengo ya manachesi inkaoneka ngati yazuka n'kumayandama pang'ono pamwamba pa nthaka. Fungo lake linali paliponse, lolemera ngati utsi. Nkhuku zinkayenda pabwalo osamveka phokoso. Sindinachite mantha, ndinkangoona kuti zinthu zakongola kuposa masiku onse. Amuna anga ndi amene anandigwira phewa atabwera kuchokera kudimba. Anati anamva kupuma kwanga ali kumpanda, ndipo milomo yanga inali itatuwa ngati phulusa. Sanandifunsenso maganizo. Anaimbira foni mwana wathu Tereza, amene amasoka zovala ku boma ku Mwanza, ndipo iye anafika pa njinga yamoto ya kabaza dzuwa lisanapendeke.

Tinasiya amayi m'manja mwa mayi wina woyandikana nafe nyumba. Ine ndinakwezedwa pa njinga yamotoyo, Tereza atakhala kumbuyo kwanga kuti ndisagwe, ndipo amuna anga anatitsatira pa njinga yakapalasa. Pa chipatala chaching'ono cha ku Thambani tinapeza anthu ali pa mabenchi, ambiri azimayi a ana kumbuyo. Tinadikira, koma osati kwambiri, chifukwa Tereza anakalankhula ndi anthu a pamzere ndipo anatilola kutsogola. Anandibaya pachala kuyeza malungo, sanapezeke. Anandiyeza kutentha kwa thupi, kunali kokwera. Kenako anandilowetsa kwa anamwino ena aafupi, oyankhula motsitsa mawu, amene anandikhazika pa mpando n'kundiuza kuti nditsitse chitenje chimene ndinafunda m'mapewa.

Anamwinowo anayang'ana wotchi yawo, kenako chifuwa changa, kenako wotchi. Ndinazindikira kuti akuwerenga mmene ndikupumira. Ndinadziwanso kuti akapeza kuti zaipa anditumiza ku boma, ndipo amayi agona ndi njala. Pamenepo thupi langa linachita chinthu chimene linaphunzira kalekale.

Ndinali kamtsikana pamene tinkathawa nkhondo ya ku Mozambique. Tinadutsa m'tchire kulowera kuno, ine ndi amayi, bambo atatsalira kumbuyo, ndipo sitinawaonenso. Masana ena tinamva anthu a mfuti akubwera m'njira, tinagona chafufumimba m'udzu wautali. Ndinali nditathamanga, mpweya ukutuluka mwaphokoso. Amayi anandiphimba pakamwa ndi dzanja lonunkha utsi, n'kundinong'oneza m'khutu kuti, "Nyamala," kutanthauza kuti khala chete. Ndinaphunzira pamenepo kupuma ngati munthu wosapuma: kukoka pang'ono, kusunga, kutulutsa mwakachetechete kudzera m'mphuno, mapewa osagwedera. Anthu aja anadutsa osationa. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiyang'anitsitsa, chifuwa changa chimadzigwira chokha.

Ndi mmene ndinachitira pamaso pa anamwino aja. Ndinasunga mpweya, maso akuchita mdima m'mbalimbali, mpaka anatsitsa dzanja la wotchi. Anati kupuma kwakwera pang'ono chabe, koma nkhope yawo inaonetsa kuti sanakhutire. Anatsegula kabati n'kutulutsa kachipangizo kokhala ngati chopanira zovala pa chingwe, kolumikizidwa ndi waya ku kabokosi kokhala ndi kagalasi. Anakapana pa chala changa chamkombaphala. Poyamba sikanaonetse kanthu, ndipo anamwinowo anati zala zanga zazizira kwambiri, magazi sakufika bwino kunsonga. Tereza anatenga dzanja langa n'kulilowetsa m'khwapa mwake, monga ndinkamuchitira iye ali mwana m'nyengo yozizira. Litafunda anapananso. Mkati mwa kachipangizoko munali kuwala kofiira, ndipo chala changa chinayaka ngati khala la moto, koma osatentha. Pa kagalasi panabwera nambala zitatu, ndi mzere wobiriwira woyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ukukwera ndi kutsika.

Anamwinowo anayamba kundifunsa za kunyumba. Anafunsa ngati manachesi abereka bwino chaka chino, ngati ogula a ku Blantyre ayamba kufika, ngati ndili ndi zidzukulu. Ndinkayankha mawu awiri n'kuima, mawu awiri n'kuima. Ali m'kati mofunsa anagwira mkono wanga ngati akumvetsera kugunda kwa mtima, ndipo ine ndinaiwala zodzigwira. Ndinadziwa pambuyo pake kuti mtima sankaumvetsera n'komwe. Ankawerenganso kupuma kwanga, ine osadziwa. Atamaliza anayang'ana pa kagalasi, n'kugwedeza mutu. Zimene anawerenga kachiwirizi zinafanana ndi zimene kachipangizoko kankaonetsa. Ndinkapuma kupitirira makumi atatu pa mphindi imodzi, pamene munthu wamkulu wabwinobwino, malinga ndi kunena kwawo, sayenera kupitirira makumi awiri. Nambala ina, yosonyeza mpweya wabwino wa m'magazi umene amati okosijeni, inali yotsika moti anaimirira pa mpando.

"Mayi, ndikakuyang'anani mukusunga mpweya," anatero, osakalipa. "Koma chala sichidziwa kubisa. Nthawi iliyonse mukakoka mpweya, magazi ofika ku chala amasintha mphamvu pang'ono, ndipo mtima umafulumira pang'ono. Kachipangizoka kamaona kusinthako, n'kuwerenga kuti mwapuma kangati."

Anaitana adokotala, amene anamvetsera m'chifuwa mwanga ndi kumsana, n'kunena kuti chikuoneka ngati chibayo, ndipo chagwira kwambiri phapo la kumanja. Anati mankhwala akumwa okha sakwanira, ndikufunika okosijeni ndi majakisoni ku chipatala chachikulu cha ku boma, tsiku lomwelo. Ndinakana. Ndinawafotokozera za amayi, ndinapempha kuti andipatse mapiritsi ndikamwere kunyumba, ndidzabweranso. Adokotala anandiyankha modekha kuti ndikabwerera kunyumba mmene ndinalirimo, amayiwo akhoza kutsala opanda wowadyetsa mpaka kalekale. Apa n'kuti amuna anga atafika, ataima pakhomo la chipindacho, chipewa chili m'manja, thukuta likuyenderera.

"Pitani, amake Tereza," anatero. "Apongozi ndiwadyetsa ine."

Amene si wa kuno mwina sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi. Zaka zonse za ukwati wathu, amuna anga anali asanakhalepo pa mphasa imodzi ndi amayi, asanawaonepo akudya. Akakumana m'njira ankapatuka n'kunjuta, moni n'kupatsana atayang'ana kumbali. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pansi. Ndinalibenso mpweya wotsutsira.

Za ulendo wa pa ambulansi ndimakumbukira zidutswazidutswa. Msewu wafumbi unkatigwedeza, Tereza atandichirikiza kuti ndikhale tsonga, chifukwa ndikagona chagada ndinkabanika. Pa zenera ndinkaona mapiri akutsatana nafe, ena akutsala, ena akutipitirira. Nthawi ina ndinaona ngati tikuyenda pamwamba pa madzi. Nthawi ina ndinafunsa Tereza ngati tawoloka kale malire, ndipo iye anandiyankha kuti sitikupita ku malire, tikupita kuchipatala. Titafika pa tala kugwedeza kunaleka, ndipo ndinamva ngati wina wanditula pansi bwinobwino.

Ku boma anandigoneka mu wodi ya amayi, pa bedi la pafupi ndi zenera komanso pafupi ndi tebulo la anamwino, kumene amaika odwala ofunika kuwayang'anira pafupipafupi. Anandiveka timapaipi m'mphuno, tochokera ku makina a mpweya amene ankang'ung'udza pambali pa bedi osalekeza. Mpweya wake unali wozizira ndi wouma. Anandiika diripi pa mkono, ndipo mankhwala ankadutsira pomwepo pa nthawi zake. Mawa lake anandikankha pa njinga ya odwala kukajambula m'chifuwa, n'kutenganso makhololo kuti aone ngati si chifuwa chachikulu. Zotsatira zake tinazidikira, ndipo zitabwera anati si chimenecho, ndi chibayo basi.

Moyo wa mu wodi uli ndi kayendedwe kake. Kukacha amabwera okolopa, fungo la mankhwala awo n'kudzaza chipinda chonse. Kenako odikirira odwala amauzidwa kuti atuluke, adokotala n'kuyamba kuyendera bedi ndi bedi. Akachoka kumabwera phala, pambuyo pake nthawi ya alendo, anthu a mipingo yosiyanasiyana akuimba motsitsa mawu. Pakati pa zonsezi pamakhala kudikira. Tereza ankagona pansi pambali pa bedi langa, n'kumakaphika ku khitchini ya odikirira odwala, kumene anapeza anzake a nkhuni imodzi ndi mchere umodzi. Ine ntchito yanga inali kupuma, ndipo inali ntchito yolemetsa kuposa kupalira.

Masiku oyambirirawo kachipangizo konga kaja sikankachoka pa chala changa. Popeza ndinalibe mphamvu zotembenuka, maso anga ankakhala pa kagalasi. Ndinayamba kuuzolowera mzere wobiriwira uja. Unali ndi timapiri ting'onoting'ono totsatizana mofulumira, koma ndikayang'anitsitsa ndinkaona kuti timapirito tonse pamodzi tikukwera ndi kutsika, ngati mbuzi zoyenda pamzere m'njira ya zitunda. Adokotala ena aakazi, ataona kuti ndikuyang'ana kwambiri, anandifotokozera kuti kaphiri kalikonse ndi kugunda kwa mtima, ndipo kukwera ndi kutsika kwa mzere wonsewo ndi kupuma kwanga. Anandiuza kuti ndikoke mpweya ndikuyang'ana. Ndinakoka, ndipo timapiri tija tinafupika pang'ono. Nditatulutsa tinatalikanso. Ndinadabwa kuti zochitika m'chifuwa zimamveka mpaka kunsonga kwa chala.

Anandiuzanso kuti kachipangizoko sikanena zoona nthawi zonse. Ndinaziona ndekha. Ndikayamba kunjenjemera, kapena ndikatsokomola kwambiri, mzere uja unkasokonekera ngati ulusi wopiringizika, nambala n'kumadumphadumpha. Zikatero anamwino sankazikhulupirira. Ankadikira kuti ndikhazikike, n'kufunditsa dzanja langa, kapena kuwerenga okha ndi wotchi. Ankati makina amathandiza maso a munthu, koma salowa m'malo mwake.

Ndisanayambe kupeza bwino, zinthu zinayamba zaipiraipira. Linali tsiku lachiwiri kapena lachitatu, sindikumbukira bwino. Thupi linatentha kwambiri chakumasana, dzuwa likulowa pa zenera n'kugwera pa bulangete langa. Phokoso la makina a mpweya linasanduka mphepo yowomba m'udzu. Ndinaona udzu wautali utamera pakati pa mabedi, ukugwedezeka mpaka kudenga. Mzere wobiriwira uja unatuluka pa kagalasi n'kukhala njira, ndipo ine ndinkayenda pamenepo, kukwera ndi kutsika, wopanda nsapato, miyendo yopepuka ngati ya mwana. Kutsogolo kunali bambo anga, atavala malaya awo oyera amene ndinawaona nawo komaliza. Sanatembenuke, koma ndinadziwa kuti ndi iwo chifukwa cha kayendedwe. Sindinkamva ululu uliwonse. Ndinkafuna kuwapeza ndiwauze kuti tinafika bwino, tinapatsidwa malo, tinabzala mitengo. Nthawi iliyonse ndikayandikira, njira inkatsika, iwo n'kubisika kuseri kwa chitunda.

Tereza anandiuza pambuyo pake kuti masana amenewo ndinkayankhula Chinyungwe chokhachokha, chimene iye sachimva bwino, ndipo ndinkachotsa timapaipi m'mphuno. Nambala ya kupuma inali itayamba kukwera nthawi ya phala isanakwane, ine ndikuoneka ngati ndikungogona. Anamwino ataiona anaitana adokotala msanga, ndipo anawonjezera mpweya n'kusintha mankhwala zinthu zisanafike poipitsitsa. Adokotala anauza Tereza kuti kawirikawiri kupuma ndi kumene kumayamba kusintha munthu akamalowa pansi, zizindikiro zina zisanaoneke. Tereza anakhala atagwira dzanja langa la kachipangizo kuti ndisalikoke, akuyang'ana nambala zimene masiku awiri m'mbuyomo sankazidziwa tanthauzo lake.

Nditatsitsimuka chinali chakumadzulo kwa tsiku lotsatira. Bulangete linali litanyowa ndi thukuta, ndipo ndinamva njala koyamba. Bedi loyang'anizana ndi langa, pamene panali mayi wina wachikulire wa chifuwa ngati changa, linali loyalidwa bwino, lopanda munthu. Sindinafunse kumene anapita. Funso langa loyamba linali la amayi.

Tereza anaimba foni kumudzi n'kuiika pa khutu langa. Amuna anga anafotokoza mwachidule, monga mwa chikhalidwe chawo. Tsiku loyamba amayi anakana kudya. Ataona mwamuna akubwera ndi mbale anathawira kuseri kwa chitseko, akuganiza kuti ndi msilikali. Mayi woyandikana nafe uja anayesa, phala linathera pansi. Mawa lake amuna anga anakhala pansi pakhonde, atafulatira chitseko, n'kuyamba kusenda manachesi. Ankaika tizidutswa pa mbale kumbuyo kwawo osatembenuka. Patapita nthawi anamva mbale ikukokedwa. Anasenda ena, n'kuikanso. Madzulo ake anaika phala m'malo mwa manachesi, ndipo linatha. Pofika tsiku limene tinkayankhulalo, amayi anali atayamba kutuluka okha n'kukhala pambali pawo, ndipo anali atalola kuwadyetsa ndi supuni. Anati amayi amawatchula iwo kuti mwanangu, ndiye kuti mwana wanga.

Ndinabweza foni kwa Tereza, n'kutembenukira ku zenera. Kunja kunali mtengo wa mango, ndipo pansi pake azimayi ankayanika zitenje pa udzu. Ndinagona tulo tenitweni, topanda maloto, mpaka anamwino anabwera ndi mankhwala.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kukwera pang'onopang'ono. Kutentha thupi kunatsika. Kubaya kwa m'nthiti kunachepa, ngakhale kutsokomola kunkandipwetekabe. Nambala ya kupuma inkatsika tsiku ndi tsiku, ndipo timapiri ta pa kagalasi tinayamba kuyenda mosapupuluma. Anachotsa kachipangizo kokhalitsa kaja n'kukapereka kwa wodwala wina amene anali atangofika kumene, ine n'kumandiyeza pa nthawi zake basi. Anachepetsa mpweya wa m'makina, kenako anawazimitsa kwa kanthawi kuti aone ngati ndingathe pandekha. Bata limene linabwera makinawo atazima linandidabwitsa. Ndinamva mbalame panja, ndi mawilo a njinga ya odwala m'khonde.

Asananditulutse anandiyesa poyenda. Anamwino anandipana chala, n'kundiuza kuti ndiyende m'khonde la wodi mpaka kumapeto ndi kubwerera, iwo ali pambali panga atanyamula kabokosi. Miyendo inali ngati yobwereka. Titabwerera anadikira kuti dzanja likhazikike, anayang'ana nambala, n'kunena kuti mpweya wa m'magazi sunatsike, ndipo kupuma kwabwerera m'malo mwake msanga. Ndinatuluka nditakhala m'chipatala kupitirira sabata. Anandipatsa mapiritsi oti ndikamalize onse ngakhale nditamva bwino, n'kundiuza tsiku lobweranso kudzaonedwa. Anandichenjeza za utsi wa m'khitchini, kuti ndiziphikira panja kapena potseguka, ndiponso kuti ndisathamangire khasu.

Tinabwerera pa galimoto ya matola, ine nditakhala kutsogolo. Nditafika pakhomo ndinapeza amayi ali pamphasa pakhonde, amuna anga atakhala chapafupi akusoka thumba. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwawo, kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo n'kufunsa kuti mlendoyu ndani. Zinandipweteka, sindinama. Ndinali nditawonda, mawu atasasa, ndipo ndinkanunkha chipatala. Madzulo amenewo anakana phala la m'manja mwanga, analandira la amuna anga. Ndinakhala pambali n'kumaonerera mwamuna amene ndakhala naye zaka zonsezi akuuzira supuni kuti izizire, n'kupukuta chibwano cha apongozi ake ndi nsonga ya chitenje. Panapita masiku angapo amayi asanandizindikire. M'mawa wina ndikuwasambitsa anagwira dzanja langa, analisisita, n'kutchula dzina langa ngati sindinachokepo.

Mphamvu zinabwerera mochedwa. Kwa milungu ingapo ndinkatopa ndi zinthu zazing'ono, ndipo madzi ankanditungira ndi anzanga. Manachesi a chaka chimenecho ambiri anagwa okha n'kuwolera pansi. Nditapita kukaonedwanso anati m'chifuwa mwayera. Lero ndikulima, ndikusenza ndowa, ndikuyenda wapansi mpaka kumsika. Chotsalira n'chakuti kukazizira kwambiri ndimamva kulemera pang'ono mbali ya kumanja, ndipo ndimavala juzi msanga kuposa kale. Amayi timawadyetsa mosinthana, ine m'mawa, amuna anga madzulo.

Chisanu cha chaka chino chitayamba, amayi anadzuka akutsokomola, mphuno zikuchucha. Sindinafukize masamba kapena kudikira kuti tione mawa. Tinawakweza pa njinga tsiku lomwelo mpaka ku Thambani. Ndinkaopa kuti akana kugwidwa ndi anthu osawadziwa, koma anamwino aafupi aja anawapana chala mofatsa, ine nditagwira dzanja linalo. Amayi anayang'ana kuwala kofiirako nthawi yaitali, kenako anaseka, n'kufunsa m'Chinyungwe kuti ndani waika chiphaniphani m'chala mwawo. Nambala zonse zinali bwino. Chinali chimfine wamba, ndipo tinabwerera kunyumba dzuwa likadali pamutu.

Kwa amene mukuwerenga, ndikupempha chinthu chimodzi. Mukaona kuti chifuwa chabwera ndi kutentha thupi, m'nthiti mukubaya, kapena mukulephera kumaliza mawu osaima kuti mupume, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona mnzanu wa m'nyumba akupuma mofulumira atangokhala, musadikire kuti avomere yekha kuti akudwala. Ndipo mukafika pamaso pa anamwino, pumani mmene mukupumiramo, nenani zonse mmene zilili. Ambiri a ife azimayi timachedwa chifukwa timaganiza kuti tikachoka pakhomo palibe amene angagwire zimene timagwira. Ine ndinkaganiza chomwecho, ndipo ndinatsala pang'ono kuwasiya amayi anga kotheratu pofuna kuti ndisawasiye sabata imodzi.